Zamveka Bwino, Bambo

Ndinanamiza apongozi anga aamuna ku Makanjira kuti Chiyao ndimachimva. Tsiku lina anandikhazika pamkeka n'kundilankhula m'Chiyao nthawi yaitali, ine ndikungogwedeza mutu ngati gulo.

"Zamveka, akamwini?" anafunsa m'Chichewa.

"Zamveka bwino, bambo."

Munthu amayankha choncho zikalowadi m'mutu, koma mwangamu munangolowa mphepo. Osadziwa kuti ndavomera kukathokoza alendo pa ukwati wa mlamu wanga, m'Chiyao!

Tsiku la ukwatilo atandiitana, ndinaimirira. Ndinali ndi mawu awiri okha othokozera: "Sikomo kwejinji." Ndinawanena, n'kuwabwerezanso mokweza, n'kukhala pansi. Azimayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Apongozi anandigwira dzanja. "Mwa onse alankhula lero, zomveka ndi zanu zokha."

Mpaka pano ana akumeneko amanditcha Che Sikomo, ndipo ndimayankha.