Mayunitsi a Nyumba Ina

Ndikukumbukira kulira kwa mita ya magetsi m'nyumba mwathu ku Chintheche. Inali pakhoma la pabalaza, ndipo mayunitsi akatsala pang'ono inkalira ngati mwanapiye wosochera mpaka munthu atayimvera chisoni. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo ntchito yoyitonthoza inali yanga.

Bambo anga anali a ku Dedza. Anabwera kunyanja kudzagwira ntchito ya zaumoyo, n'kukwatira mayi anga, Mtonga wa pomwepo, amene anawaphunzitsa kudya kondowole koma analephera kuwaphunzitsa Chitonga. Chaka chimenecho bambo anawasamutsira ku Salima. Anati apite kaye okha, azikagona kwa mnzawo, akapeza nyumba adzatitenga. Ananyamula matiresi, wailesi ndi nsapato zawo zonse, ngakhale zong'ambika zimene ankavala popita kumunda. Mayi anaziona zimenezo.

Nyumba ija sinapezeke. Miyezi inkapita, foni ankaimba mwa apo ndi apo, koma panali chinthu chimodzi chimene sankaphonya. Mwezi ukatha, pafoni ya mayi pankalowa uthenga wa mayunitsi. Unalibe moni, unalibe funso loti ana ali bwanji, unali manambala okhaokha. Mayi ankaopa mita, ankati ingawagwire, choncho ine ndinkakwera pampando n'kumadina, iwo akundiwerengera manambala mokweza ngati akuwerenga vesi pakati pa amayi anzawo kutchalitchi. Mita ikavomera, nkhope yawo inkawala. Magetsiwo ndi amene ankayendetsa firiji, ndipo m'firijimo munkakhala mafirizi a malambe ndi a bwemba amene mayi ankagulitsa pachipata cha sukulu.

Anthu ankalankhula, chifukwa kwathu kuja mwamuna akachoka, akazi anzako amakuwerengera miyezi. Tsiku lina tikuvuula chinangwa chimene tinaviika, manja akununkha fungo lowawasa lija losamva sopo, anyaChirwa oyandikana nafe anafunsa mwachifundo chabodza kuti ada a ku Salima, kunena bambo anga, abwera liti. Mayi sanakweze n'komwe mutu. "Mwamuna wokusiya sakugulira magetsi," anatero. Mawu amenewa ankawanena kudziwe, kumsika, ngakhale kwa abale awo amene ankawauza kuti akadandaule kwa ankhoswe. Banja lawo lonse linatsamira pa manambala amenewo, ndipo nanenso ndinkakhulupirira.

Loweruka lina m'mawa mita inali ikulira kuyambira dzulo lake, uthenga n'kulowa. Ndinakwera pampando, ndinadina, mita inakana. Mayi anati ndili ndi phuma ngati agogo anga a ku Dedza. Ndinadinanso pang'onopang'ono, inakananso. Anandikankha n'kukwera okha, koyamba m'moyo wawo. Inakanabe. Ndinawauza zimene ndinamva kwa anzanga, kuti mayunitsi amalowa pa mita imene anagulira basi, pa ina salowa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anawaimbira foni bambo. Foni yawo inali yosweka sipika, munthu ankamveka mpaka pakhonde.

"Bambo a Lusungu, manambala aja akukana."

Bambo anayankha kuti, "Aa, pepani, ndasokoneza. Amenewo si anu, ndi a mita ina."

"Mita ina ya kuti? Si paja mumagona kwa anzanu?"

Bambo asanayankhe, kumbuyo kwawo kunamveka mawu a mkazi, omasuka bwino, a munthu amene ali pake: "Mwawatumiza kuti mayunitsi aja? Ine ndikufuna kusita zovala za mwana."

Mayi anadula foni, n'kutsika pampando bwinobwino, n'kuubwezera pamalo pake. Sanalire. Anapita panja kukayanika chinangwa, ndipo anachiyanika mosamala kwambiri, chimodzichimodzi, dzuwa likuwawotcha pamsana.

Masana omwewo panalowa uthenga wina, wa manambala athu enieni. Mayi anati ndisayerekeze kuwalowetsa. Mawa lake mita inasiya kulira, firiji inazima. Pofika Lolemba mafirizi onse anali madzi, m'nyumba mukununkha bwemba wosasa, nyerere zitandanda kuchokera pakhomo. Ndinawathandiza kutaya timapepala ta mafirizi tija kudzala, ndipo anyaChirwa anatiyang'ana ali pakhonde pawo osafunsa kanthu. Kusafunsa kwawoko kunandipweteka kuposa mafunso aja.

Mayi anakwera minibasi kupita ku ofesi ya magetsi kuti akachotse dzina la bambo pa mita n'kulembetsa lawo. Anati akatero adzigulira okha, ngakhale a tsiku limodzi. Kumeneko anawalandira mwaulemu, koma anawauza kuti mwini dzina ayenera kubwera kapena kulemba kalata yovomereza. Anawauzanso kuti asavutike, angathe kumagula okha dzina likadali lomwelo. Iwo sankafuna magetsi chabe, ankafuna kuti pakhoma pawo pachoke munthu. Koma kupempha kalata kwa bambo kunawakanika, ndipo bambowo sanabwerenso ku Chintheche.

Anapirira masiku angapo. Malonda ataima, sopo anatha, mchere unatha, mng'ono wanga anayamba kupita kusukulu wopanda cholembera. M'mawa wina anandipatsa foni osandiyang'ana. "Lowetsa, Lusungu." Nthawi imeneyi sanandiwerengere, ndinawerenga ndekha chamumtima. Mita inavomera msanga, firiji inayambanso phokoso lake, ndipo pamenepo ndi pamene mayi analira. Anakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula, akulira m'Chitonga mawu amene sindikufuna kuwabwereza. Sindinaonepo munthu wogonja chotero, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira.

Bambo anatumizabe mayunitsi miyezi ingapo, kenako anayamba kudumphitsa, kenako anasiyiratu. Mayi anazolowera kugula okha pagolosale, pang'onopang'ono, monga mmene ankagulira mafuta ophikira.

Masiku ano zinthu zinaphweka. Ndili ku Mzuzu kuno ndimangodina foni, mayi n'kulandira magetsi ku Chintheche, ndipo amalowetsa okha popanda mantha. Anzanga amene maukwati awo atha amasintha dzina pa mita sabata yomweyo, katundu wa mwamuna asanafike n'komwe kumene akupita, ndipo amachita bwino. Ife tinachedwa. Bambo anamwalira ku Salima zaka zapitazo, ndipo nditapita ku ofesi kuja anandiuza kuti tsopano pakufunika chikalata cha imfa yawo. Chikalatacho chili ndi mayi a ku Salima aja. Nditawafotokozera mayi, anaseka pang'ono n'kupukusa mutu.

"Ndikagwade kwa mkazi mnzanga kuti andibwereke umboni woti mwamuna wanga anafa? Zisiye, mwanangu."

Ndinazisiya. Mwezi uliwonse ndikagula, uthenga umabwera ndi dzina la bambo pamwamba, ndipo ndimalifufuta ndisanawatumizire mayi manambala.