Chala cha Bambo Momade

Kwa zaka khumi ndi zitatu, magetsi akathima ku Mandimba kapena ku Ngauma, foni ya bambo Momade inkalira ku Cuamba. Iwo ankakonza makompyuta pa empreza ina, kampani yogula soya kwa alimi. Makina osunga mayina a alimiwo, omwe onse ankangoti servidori, anali ndi khalidwe loipa: akazima sankadzuka okha. Pankafunika chala cha munthu, ndipo chalacho chinali cha a Momade.

Ankakwera mota, njinga yawo yamoto, kusambira m'matope a dzinja, kudya fumbi la chilimwe, kukangodina batani limodzi. Anzawo ankawaseka kuti chala chawo chayenda kuposa sitima ya ku Entre Lagos. Iwo analibe nazo ntchito. Ku Mandimba mayi Florinda, oyang'anira depoti, ankawasungira nsomba zouma za ku Amaramba, ndipo ku Ngauma alimi a pamzere ankawomba m'manja makina akayaka. Mkazi wawo anamwalira kalekale, ana ali ku Beira. Kunena zoona, munthuyu ankakhalira maulendo amenewa.

Kenako kunabwera maservidori atsopano. M'kati mwake munali kachipangizo kosagona, koti munthu ali kutali n'kuyatsa makinawo pa intaneti. Mayi Kátia, shefe wa za makompyuta ku Nampula, anaimba foni.

"Bambo Momade, kachipangizoko mukalumikize ku kaundula wathu wa antchito kuno. Aliyense azilowa ndi dzina lake ndi senha yake, mawu ake achinsinsi. Zolemba senha imodzi kuseri kwa chitseko zithe."

A Momade anachita manyazi, chifukwa pensulo inalemba kuseri kwa chitsekocho inali yawo.

Ku Cuamba ndi ku Ngauma zinayenda bwino. Ku Mandimba anavutika masiku awiri. Analemba adiresi ya kaundula, anaika chiphaso, analemba dzina la gulu lololedwa kulowa monga anawatumizira, koma makina anakana kwamtuwagalu. Tsiku lachiwiri anapeza vuto: wotchi ya kachipangizoko inali kumbuyo ndi maola awiri, ndipo kaundula sankalankhula ndi makina osadziwa nthawi. Anaikonza, mtima uli mbee, n'kuimbira mayi Kátia kuti ayese.

Servidori inazima. Patapita kanthawi inayambanso kulira yokha, a Momade manja ali m'thumba.

"Ee! Yayaka popanda munthu?" anatero mayi Florinda, atagwira pakamwa.

A Momade analemba dzina lawo kuti ayesenso. Makina anakana. Anabwereza kasanu. Anakhala masana onse akufufuza pomwe alakwitsa, poti munthu wozolowera kukonza zinthu amayamba wadzikayikira yekha. Panalibe cholakwika. Ntchitoyo inali yosalala kwambiri.

"Shefe, dzina langa likukana," anatero a Momade pa foni.

Mayi Kátia anayankha kuti, "Gululo ndi la a kulikulu, bambo. Dzina lanu sanaliikemo. Ndimayesa anakuuzani."

Sanawauze. Papepala la malangizo panatsala mzere umodzi: kutseka khomo lakale la pamakinapo, lomwe linkatsegulidwa ndi dzina loti momade. Akanalisiya, palibe akanadziwa msanga. Koma iwo sanasiyepo ntchito theka chibadwire. Analitseka, anapempha kansalu konyowa, n'kufufuta pensulo ija kuseri kwa chitseko.

Ntchito sanawachotse. Anawasiyira zosintha inki ndi kupukuta fumbi mu ofesi ya ku Cuamba.

Sabata yotsatira mvula ya mabingu inadula magetsi dera lonselo. Magetsiwo atangobwera, a Momade anapezeka avala kale chipewa cha mota, atakhala pachishalo, foni ili m'manja. Anadikira. Foni inalira kamodzi, uthenga wa mayi Florinda:

"Ayatsa kale a ku Nampula, bambo. Nanga nsomba zanuzi ndipatse ndani?"