Esinati Akaniza Makasu Kudambo

Esinati Nambewe anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru ndipo sanachokemo. Mwamuna wake, Fanuel Mwale, ndiye anachita kubwera, mkamwini wochokera ku Kabudula, munthu wolimbika pa khasu koma wokonda kutamidwa ngati mwana. Esinati anali mayi wosachulutsa mawu, wodziwa kuumba mbiya. Pofika chaka cha 1955 anali ataima kawiri konse osabereka mwana kumbuyo, chifukwa onse awiri anabadwa atafa kale.

Mwana wotere amatchedwa nthayo. Samulira maliro, ndipo amuna sauzidwa n'komwe kumene wapita. Amayi akuluakulu amakamuika okha m'mphepete mwa dambo, m'kadzenje kosafika m'mawondo, poti amati mukamukwirira mozama mwatseka mimba ya make. Ana a Esinati anaikidwa kumunsi kwa mudzi, ndipo mayi ake anachita kumulozera malowo monong'ona tsiku lina akuchokera kuchitsime. Nthawiyo panali katchire. Koma ng'ombe zinapondaponda, mvula n'kukokolola, mpaka panatsala pambalambanda posamera ngakhale chisoso.

Zaka zimenezo boma linali litalowa m'munda mwa munthu ngati mwake. Tsiku lina mlangizi wa zaulimi, Francis, anafika pamalopo pa njinga atatsogoza mzungu. Anali ndi chitsulo chopotana chimene ankabowola nacho pansi, n'kumatapa dothi kuika m'timatumba, akuti akaliyeze kuti adziwe chimene udzu unathawira. Esinati anaona zonsezi ali ndi mtsuko pamutu. Chitsulocho chinalowa pafupi penipeni ndi mwana wake woyamba, ndipo iye anamva ngati chalowa m'mimba mwake.

Yankho litabwera, linati nthaka yaguga ndipo pansi pauma gwa. Pafunika kukumba ngalande, kuunjika dothi kuti likhale mgula wotchinga madzi, kuthira ndowe n'kubzala kapinga. Wokana akaonekera kubwalo la milandu. Yankholo silinali labodza, tisanamizane, malowo analidi atatha. Chonyansa n'chakuti msonkhano anaitanira amuna okhaokha, m'mudzi umene nthaka ndi ya akazi, amuna ambiri ali ongobwera. Ndipo woyamba kuimika dzanja anali Fanuel, amene ankalota tsiku loti adzatchedwe mchikumbe, mlimi wachitsanzo, pamaso pa anzake.

Apa n'kuti Esinati ali ndi pakati pachitatu, ndipo mgulawo unkadutsa pamwamba pa ana ake. Anathamangira kwa anamkungwi, amene amasunga miyambo ya akazi. Iwo anamuuza kuti atseke pakamwa, za nthayo sazitchula pali mwamuna, ndipo mankhwala ake n'kuzula zikhomo zimene Francis anakhoma posonyeza modutsa mgulawo. Amayi anazuladi popita kotunga madzi, n'kukazisonkhezera pamoto. Francis anakhoma zina, akulalata kuti m'mudzimo mwalowa anthu andale odana ndi malimidwe. Fanuel naye ankatukwana ozulawo kunyumba, akudya ndiwo zophikidwa ndi zikhomo zomwezo, mkazi wake akungomuyang'ana mtima uli phuluphulu ndi ukali.

Tsiku lokumba linafika. Francis anakoka chingwe, amuna n'kundanda ndi makasu. Esinati anatsika kumudzi, n'kukhala pansi pamene chingwe chinadutsa, miyendo atatambasula.

Francis anayamba ndi ulemu, kumupempha kuti asunthe poti boma silidikira munthu. Ataona kuti mayiyo sakugwedezeka, anatchula za khoti. Amuna ena anayamba kuseka, akuti mchikumbe walephera kulangiza m'nyumba mwake momwe. Fanuel manyazi anamugwira, ndipo anapita kukamukoka dzanja.

"Anambewe, tadzukani. Mukundiyalutsa pamaso pa anthu."

Esinati anakutumula dzanja lakelo. Anadziwa bwino lomwe mtengo wa mawu amene anali pakamwa pake, koma mkwiyo unali utamufika pakhosi, ndipo anawalankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Kumbani, a Mwale. Yambani inuyo, poti ndinu wolimbika. Ana anu onse awiri ali pansi panga pano, ndipo sali patali. Khasu lanu silichedwa kuwapeza."

Kuseka kuja kunatha. Amuna anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, maso ali pansi, ngati alowa mosadziwa kumene akazi akusamba. Francis, amene naye anayamwa bere la Mchewa, anavula chipewa, n'kukulunga chingwe chake, n'kunena kuti mgula ukadutsa kumtunda. Zimene anakauza mzungu wake akudziwa yekha.

Amayi anali ataima chapatali ndi mitsuko yawo. Palibe anamuyamika Esinati. Anamkungwi analavula malovu n'kutembenuka, ena onse n'kutsatira, ndipo Esinati anadziwa pomwepo kuti sadzaitanidwanso kumene akazi amakamba zawo. Waulula za kuchikuta pamaso pa amuna, ndipo m'mudzimo mlandu wotere sukhululukidwa msanga. Zinamuwawa koopsa, chifukwa amayi omwewo ndi amene akanadzamugwira tsiku lake lochira likafika.

Anthu atabalalika, Fanuel anatsala. Khasu linali litagwa m'manja mwake. Anayang'ana dothi louma lija nthawi yaitali, dothi limene analilonjeza kwa mlangizi ndi mtima wonse, kenako anakhala pansi chapambali pa mkazi wake, mosamala, ngati akuopa kuponda.

"Kodi anali aamuna kapena aakazi?" anafunsa motsitsa mawu.

Esinati anafuna kumukalipira, kumufunsa kumene funso limenelo linali zaka zonsezi. Koma mkwiyo unamuthera m'kamwa, poti anakumbukira kuti mwambo umene unamutseka iye pakamwa unamutsekanso mwamunayo.

"Sindidziwa," anatero. "Nanenso sanandionetse."