Nyimbo pansi pa zenera la wodi

Chipatala chija ndinachidziwa ndi miyendo. Lifiti inafa kalekale, ndiye tsiku lililonse ndikatsika kombi, minibasi yochokera ku Tafara, ndinkakwera masitepe nditanyamula chigubu cha madzi, poti mipopi ya m'wodi inkangotulutsa mphepo. Ndikafika pamwamba, mayi anga ankandilonjera ndi funso limodzi: "Abwera?"

Ankanena amayi anzawo a kutchalitchi. Mayi ndiwo ankayambitsa nyimbo pagulupo kuyambira ndili mwana, ndipo m'chipatalamo sankalakalaka phala langa ayi, ankalakalaka nyimbo za Chichewa. Koma mlonda wa pakhomo anali wosanyengerereka. "Vaviri chete," ankatero m'Chishona, awiri okha basi. Ndiye amayiwo ankazungulira kuseri, n'kuima pa kapinga wouma, n'kumaimbira m'mwamba. Mazenera a nyumbayo ndi ofanana onse, choncho ndinamangirira duku la mayi pachitsulo cha zenera lawo kuti anthu asamaimbire khoma lolakwika.

Matenda atakula, anawasamutsira m'kachipinda ka pafupi ndi manesi. Kopanda ndi zenera lomwe! Getsi loyaka usana ndi usiku, penti yofwifwa, fungo la mankhwala lokhalokha. Mayi ankandifunsa ngati kunja kwacha, chonsecho dzuwa lili paliwombo. Ine ndinali nditatopa, abale, kutopa kofika m'mafupa, moti ndinkangoyankha ndi mutu.

Lamlungu masana amayi aja anabweranso n'kuima pansi pa duku lija, lomwe linatsala pamalo pake. Ndinawaona ndikukwera masitepe, koma nditalowa m'kachipindamo munali zii. Zinandiwawa kwambiri. Ndinapita kuwodi yakale n'kupempha mayi wina amene anatenga bedi la mayi anga kuti nditsegule zenera. Chitseko cha wodiyo ndinachipanikiza ndi patapata wanga, cha m'khonde ndinachitchinga ndi chigubu kuti chisabwerere. Nesi wina anandiona, n'kuyang'ana kumbali.

Nditabwerera, mawu ankafika pang'ono chabe, ngati wailesi ya kwa aneba. Mayi anali chitsinzinire, osagwedezeka, ndipo ndinati ndavutika pachabe. Kenako anandikodola ndi chala, ine n'kuwerama.

"Ayamba motsika," ananong'ona. "Pita ukawauze akweze."

Ndinaganizira masitepe onse aja, miyendo ikukana. Ndinatsika, phazi limodzi lopanda patapata.