Mudzatopa, Galu wa Ababa

Pa zonse zimene ababa anandisiyira, palibe chimene chinandisautsa ngati galu wawo. Anali galu wauzimba, wowonda m'mimba, wamiyendo italiitali. Anamuitanitsa ali kamwana kwa mlenje wina wa ku Kadewere, iwo atadwala kale chaka chathunthu. Munthu wosatha kufika kubafa popanda womugwira, galu wauzimba ngwachiyani? Ndinawafunsa zimenezi. Anangomutcha dzina: Mudzatopa.

Kwathu kuno dzina la galu ndi kalata. Ukayambana ndi munthu sumutukwana ayi, umangotcha galu dzina, n'kumamuitana mokweza kuti mwini nkhani amve. Tonse tinkati kalata iyi njopita kwa amayi ena okalamba a kuseri kwa nyumba yathu, amene anakanganapo ndi ababa pa malire a munda.

Atatsala pang'ono kutisiya, ababa anandigwira dzanja nati, "Galuyu usadzamupereke kwa munthu." Ndinavomera msanga, osadziwa kuti ndikudzisenzetsa mtolo.

Galu wotere akapanda kuthamanga, mphamvu zake zimathera pa zinthu za eni. Ndikamumanga ankatafuna chingwe. Anang'amba makope a ana a sitandade faifi amene ndinabwera nawo kudzachonga, mawa lake ine n'kumafotokozera ana kuti masamu awo wadya galu. Zosaka nazo kulibe, paliponse ndi minda yokhayokha, ndiye nyama yake inasanduka nkhuku za anthu.

Choncho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkamanga chingwe pa handulo ya njinga n'kulowera njira ya ku Mbulumbuzi. Mayi wamkulu, mphunzitsi wathunthu, kukokedwa ndi galu! Anthu ankasiya kulima n'kumandifuulira, "Aphunzitsi, kodi akuyendetsa mnzake ndani?" Pobwerera ine miyendo ili njenjenje, iye mchira uli pukupuku, kufuna kuti tibwereze.

Choipitsitsa chinali dzinalo. Akadula chingwe ndinkayenera kumuitana. Tangoganizani, anthu ali weramu m'minda mwawo, thukuta lili kamukamu, ine ndikudutsa pa njinga ndikukuwa, "Mudzatopa! Mudzatopa!" Bambo wina amene sankandidziwa anaponya khasu pansi nati, "Inu odya za boma, musatinyoze!" Ndinapepesa, galu ali kutali akupirikitsa mbuzi.

Mtima unandithera tsiku lina nandolo atauma. Nkhuku inadutsa panjira, Mudzatopa anakoka, njinga inapita uko, ine ndinakagwera m'nandolo wa amayi a kuseri aja. Podzuka, bondo lili magazi, mitengo ya nandolo yathyokathyoka, nkhuku ili m'kamwa mwa galu. Inali ya amayi omwewo, yachiwiri. Ndinakwiya mpaka kulira. Ndinati lonjezo likhale, Loweruka ndikamubweza kwa mlenje wake.

Lowerukalo ndinadutsa pakhomo pawo ndikukankha njinga, galu ali pachingwe. Amayiwo anali pakhonde akupeta nandolo.

"Mukupita naye kuti, aphunzitsi?"

"Ndikukamubweza ku Kadewere, amayi. Nkhuku zanu zipume, ndi dzinali lisiye kukunyozani."

Anaika lichero pansi n'kuseka. "Kundinyoza ine? Za malirezo tinathana kalekale ndi ababa anu, mpaka ankandigawira fodya. Dzinalo si langa ayi."

"Nanga ndi la ndani?"

"Tsiku lina ndinabwera kudzawazonda, ndinawapeza ali khuma. Anati, 'Mwana wangayu ngwabwino, koma ine ndachedwa kufa. Adzatopa nane.' Sabata yomweyo ndi pamene anaitanitsa kagaluko."

Tsikulo ndinalikumbukira. Ababa anali atanyowetsanso zofunda, ine ndikuchapa kuseri, ndipo ndinalankhula ndekha poganiza kuti ali mtulo, "Ine ndatopa." Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuzungulira mudzi pa njinga, kuwerengera anthu kalata yanga yomwe. Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

"Nanga nkhuku zanu?" ndinafunsa.

"Gulani tcheni, musiye zingwe za khonje," anatero amayiwo, natolanso lichero.

Ku Kadewere sindinapite. Ndinatembenuza njinga kulowera njira yathu ya masiku onse, ndipo Mudzatopa anandikoka ngati palibe chachitika. Tcheni ndinagula. Mpaka lero amandidzutsa m'mamawa ndi kukanda chitseko, ndipo ndimamutukwana ndikumanga chitenje. Simunaname ababa, ndimatopa ndithu. Koma galu wanu akadali pakhomo.