Ambulera ya Kapinga wa Pulasitiki

Amalume anga anasamalira kapinga kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pa ofesi ina ya inshuwalansi, nyumba yosanjikiza katatu yokhala ndi bwalo pakati. Anali munthu wamfupi, wadazi, wa miyendo yamatewe, ndipo sankakonda kucheza ndi anthu chifukwa, malinga ndi iwo, anthu amayankha. Bwalo lawo ankalidziwa ngati mwana wobala okha: kona imene imachedwa kuuma, kona imene chiswe chimakonda, ndi pamene alembi ankadulira njira popita kukadya. Pa ofesipo aliyense ankangowatchula kuti Akapinga, moti obwera kumene ankaganiza kuti ndi dzina la makolo.

Kenaka kunabwera manijala watsopano, mayi wamtali wovala magalasi. Tsiku lake lachitatu anaima pawindo, n'kuona amalume akuthirira, ndipo ananena kuti madzi akuwonongeka. Sabata yotsatira kunafika lole. Amuna anayi anazula kapinga yense, anathira miyala yophwanya ndi mchenga, n'kuyala kapinga wa pulasitiki ngati akuyala kapeti. Amalume anaonerera zonsezi atakhala pa wilibala. Ntchito itatha anatsuka makina otchetchera, anawapaka oyilo, n'kukwera kukatsazika.

"Mukupita kuti, bambo?" anafunsa manijala. "Ntchito ilipo. Werengani pepala ili."

Linali pepala la malangizo limene oyala aja anasiya. Mzere woyamba unkati m'nyengo yotentha kapinga ameneyu amatentha kwambiri, choncho azithiridwa madzi.

"Ndizimuthirira, bwana?"

"Ndi zimene zalembedwa."

"Kuti amere?"

"Sangamere ameneyo. Kuti azizire."

Dzuwa la chaka chimenecho linali loswa mtengo. Kapinga wakale ankamwa kamodzi m'mawa n'kukhala phee tsiku lonse. Watsopanoyu ukamuthirira naini koloko, pofika teni anali atauma, akutentha ngati chiwaya. Amalume ankavula nsapato imodzi n'kupondapo, ndipo akadumpha ankadziwa kuti nthawi ya paipi yakwana. Ankathirira kanayi pa tsiku. Pepala lija linkanenanso kuti aziwonjezera mchenga, azisuntha mabenchi kuti asasiye mabala, ndiponso azimupesa ndi burashi yolimba kuti tsitsi lake liime. Akazi awo atamva zimenezi anaika sipuni pansi.

"Zaka zonsezi m'nyumba muno simunandipeseko ine, lero mukupesa bwalo?"

Amalume anadzandiuza ine tsiku lina nditapita kukawaona, tikumwa tiyi pakhonde.

"Mphwanga, wakale uja akamva ludzu ankagwa nkhope, ine n'kudziwa. Uyu ngakhale akupsa amangosekerera."

Ndiye m'mawa wina anapeza chipsera. Unali mzere wautali ngati lamba, kuchokera pa benchi kulowera ku mpopi, kapinga atasungunuka n'kuuma gwa ngati chingamu chakale. Manijala anaitanitsa antchito onse pabwalo pomwepo n'kulengeza kuti wina akutayira ndudu pa kapinga. Wosuta pa ofesi yonse anali mmodzi yekha, mlonda wa pageti, mkulu wa ndevu zaimvi amene anali asanapondepo pabwalolo chiyambire. Chifukwa cha manyazi anasiya fodya tsiku lomwelo, atasuta kwa zaka makumi atatu.

Oyala aja anabwera, anadula pamene panapsa n'kumata chigamba. Patapita masiku awiri mzere unabwerera pamalo omwewo. Anayamba kukayikira mayi wophika tiyi kuti amatayapo madzi owira. Anakayikiranso galu wa nyumba yoyandikana, ngakhale bwalolo linalibe polowera galu. Mlembi wina ananena motsitsa mawu kuti mwina ndi njoka yotentha thupi.

Amalume anatenga mpando n'kukhala pakati pa chigamba chatsopano kuyambira m'mawa, chipewa chili kumutu. Inakwana naini, teni, leveni, osabwera munthu. Itangodutsa wani koloko anamva fungo la chinthu chikupsa. Anayang'ana pansi, kapinga anali bwinobwino. Anayang'ana uku ndi uku, kunalibe moto. Amene anaona anali wophika tiyi uja, ataima pakhomo la khitchini.

"Akapinga, chipewa chanu chikufuka."

Anachivula, ndipo kutentha kunatera padazi penipeni. Atatukula maso anaona windo la ofesi ya manijala, limene analiika galasi latsopano lonyezimira mwezi womwewo. Galasilo linkasonkhanitsa dzuwa n'kuliponya pansi, kadontho kowala kamene kankakwawa pang'onopang'ono kuchokera pa benchi kupita ku mpopi.

Anakwera masitepe chipewa chili m'manja, chala chikutulukira pabowo.

"Bwana, wosuta uja ndamupeza. Ndi windo lanu."

Manijala anasuzumira pansi kwa nthawi yaitali. Kuchotsa galasilo anakana, chifukwa linkaziziritsa ofesi yake. Katani sinathandize, popeza kunyezimirako kunali kunja. Amalume anati pakufunika mtengo wa mthunzi, ndipo manijala anavomera ndi mtima wonse. Lolemba kunabwera mtengo wa pulasitiki uli mumphika. Pofika Lachitatu masamba ake anali atalendewera ngati makandulo osungunuka, ndipo amalume anauzidwa kuti nawonso aziuthirira.

Njira imene inathandiza anaipeza okha. Anatenga ambulera ya akazi awo, yaikulu, ya maluwa ofiira. Tsiku lililonse wani koloko ankainyowetsa pa mpopi, n'kukaima pa benchi, n'kuitsegula kuti kadontho kaja katere pamwamba pake. Akatero ankayenda nako, phazi limodzi pa mphindi ziwiri, mpaka kukafika ku mpopi patatha mphindi makumi anayi. Kapinga sanapsenso. Manijala analemba zimenezi pa ndandanda wa ntchito zawo, pakati pa kuthirira ndi kusesa. Alendo obwera kudzalembetsa inshuwalansi ankaona munthu wamkulu akuyenda ngati nkhono pansi pa ambulera kumwamba kulibe mtambo, ndipo ena ankatsitsa mawu poganiza kuti ndi mapemphero. Tsiku la mitambo amalume ankasowa mtendere. Ankayendabe, akuti kuti miyendo isaiwale.

Anachita zimenezi kwa nyengo zotentha zinayi, n'kutha maambulera asanu ndi imodzi. Mlonda uja sanabwererenso ku fodya. Ananenepa mpaka kusintha yunifolomu, ndipo akakumana ndi amalume pageti ankawathokoza nkhope ili yokwinya.

Amalume atapuma ntchito, ofesi inalemba mayi wina wokhala ndi satifiketi ya zaulimi. Sabata yake yoyamba kapinga anapsa kawiri. Loweruka anafika kunyumba kwa amalume, ine ndili pomwepo, atanyamula kope ndi cholembera.

"Bambo, ndimayenda ndi ambulera monga zinalembedwera, koma dzuwa limatsalira m'mbuyo."

"Poyenda mumayang'ana kuti, mayi?"

"Pawotchi."

"Vuto ndi limenelo. Muziyang'ana m'kati mwa ambulera. Pamene pakuwala pazikhala pamwamba pa mutu wanu."

Anapita naye kuseri kwa nyumba, pa kabwalo ka fumbi pakati pa chingwe choyanikapo zovala ndi khoma. Ine ndi ndevu zangazi anandikweza patebulo, n'kundipatsa kalilole wa kuchipinda kuti ndikhale windo. Akazi awo anatulutsa mpando n'kukhala pamthunzi kuti aonerere. Anthu awiri akuluakulu anayamba ulendo wopita kukhoma ali pansi pa ambulera, amalume akuwerenga chamumtima, mayiyo maso ali m'mwamba, ine ndikusuntha kuwala pang'onopang'ono. Tili pakatikati mkono unanditopa, ndipo kadontho kanadumphira pa zovala. Amalume anatembenuka.

"Iwe, windo silinjenjemera."

Atafika pakhoma mayiyo analemba zinazake m'kope, anathokoza, n'kufunsa ngati angabwerenso. Anabwera Loweruka lotsatira, n'kubweranso lina. Ulendo wachitatuwo ine ndinatumiza uthenga woti ndadwala, moti windo tsiku limenelo anali aneba a kuseri, amene amalume akuti anagwira bwino kuposa ine.