Kalata imene ndinaichonga ndi inki yofiira

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa Chingerezi pa pulayimale ina kufupi ndi Mvera zinandisiyira nthenda imodzi: sindikhulupirira chinthu cholembedwa ndisanachichonge. Ngakhale pepala la zolengeza kutchalitchi ndimaliwerenga cholembera chofiira chili m'manja. Mkazi wanga amati tsiku lina ndidzadzuka kudzachonga mawu a pamwala wa manda anga.

Mlongo wanga atamwalira anasiya mwana mmodzi wamkazi, ndipo ndinamulera ndine. Atakula anapita ku Lilongwe kukasoka zovala. Tsiku lina anabwera kumudzi ndi nkhani yoti wapeza mwamuna, makaniko wa magalimoto akuluakulu, kwawo ku Beira, ku Mozambique. Mtima wanga unakana pomwepo. Munthu amene kwawo sungafikeko pa njinga ukafuna kukadandaula, umamufufuza bwanji? Nditafunsa za makolo ake, mwanayo anati onse awiri anamwalira iye ali wamng'ono. Chamumtima ndinati amasiye a m'tauni timawadziwa, kwawo amakhala atasiya mkazi ndi ana atatu.

Kenako mwanayo anatulutsa kalata. Mnyamatayo Chichewa amayankhula ndithu, chopindikapindika, koma atamva kuti malume a mtsikana anali mphunzitsi wa Chingerezi, anasankha kundilembera m'Chingerezi. Zilembo zake zinali zaukhondo, ndisaname. Koma mzere wachitatu unati: "I pretend to marry your niece." Ndinavula magalasi, ndinawapukuta, n'kuvalanso. Pretend ndi kunamizira, mawu amene ndinawaphunzitsa ana mpaka choko kundithera m'zala. Munthu akundiuza yekha, ndi dzanja lake, kuti ukwatiwu ndi wonamizira. M'munsi mwake analemba kuti adzabwera Loweruka lomaliza la mwezi pamodzi ndi "my parents". Makolo omwe aja akuti ali kumanda.

"Makolowa adzuka liti?" ndinamufunsa mwanayo.

"Malume, mwina wangolakwitsa."

"Kulakwitsa kawiri m'kalata imodzi, konse kokomera bodza?"

Anawerama n'kuyamba kulira. Ndinatenga cholembera changa chija, ndinadula mzere wofiira pansi pa pretend, wina pansi pa parents, n'kulemba m'munsi kuti, "Zikomo ponena zoona." Ndinam'patsa kuti akam'bwezere mwini wake. Ndinali wotsimikiza kuti tambwali akaona kuti wagwidwa saponda pakhomo.

Loweruka lija ndili pakhonde ndinaona anthu atatu akukwera chitunda chochokera pa siteji, nsapato zawo zitafiira ndi fumbi. Kutsogolo kunali mnyamata wamtali, kumbuyo bambo wachikulire wovala jekete ndi mayi wina atasenza dengu. Ndinati mumtima, awa ndiye makolo obwereka. Mkazi wanga anawayalira mphasa n'kuwapatsa thobwa. Ine ndinaitanira bambo wachikulireyo pambali, kuseri kwa chigafa cha fodya, kuti tiyankhule awiri.

"Bambo ake ndinu?"

"Iyayi, aphunzitsi. Ine ndi malume ake ngati inuyo. Mayiwo ndi azakhali ake." Chichewa chawo chinali chosalala, akuti anakhala zaka zambiri ku Angonia.

Ndinawauza zonse zimene zinali m'kalatamo, mosabisa, ndi tanthauzo la mawu awiri aja. Bamboyo sanaseke. Anangoti, "Kwathu m'Chipwitikizi parentes ndi abale, ngati ineyo ndi azakhali akewo. Okubereka timati pais. Ndipo munthu akati pretendo, ndiye kuti akufuna, watsimikiza mtima. Mwanayu anaona kuti mawuwo akufanana ndi a Chingerezi, n'kuyesa kuti ndi amodzi."

Sindinakhulupirire msanga. Anthu atatu okwera basi imodzi amatha kupangana bodza asanafike pa Dowa. Ndinawapempha kuti andidikire, ndinatsikira kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene anakulira kumalire ndipo amakaoda zitenje ku Tete. Sindinawauze nkhani. Ndinangowafunsa kuti munthu akati pretendo amatanthauza chiyani.

"Ndikufuna kuchita chakutichakuti," anayankha akupeta chimanga. "Bwanji, mwayamba Chipwitikizi muukalamba?"

Chitunda chimene ndimakwera tsiku ndi tsiku chinanditalikira tsiku limenelo. Ndinachita manyazi kwambiri. Bambo uja anali akundidikirabe kuseri kwa chigafa, ndipo atangoona nkhope yanga anati, "Mwanayu musamuuze. Sakudziwa kanthu."

Titakhala pamphasa, mnyamata uja anagwada, n'kutulutsa kalata ija m'thumba la malaya, ataikutira bwinobwino mu pepala la pulasitiki.

"Malume, ndathokoza," anatero. "Kalatayi ndinailemba masiku atatu. Ndinkaopa kuti mudzandiona ngati mbuli. Ndikanakhala ndi bambo akanandionerako ndisanatumize. Ndiye nditaona kuti mwadula mizere pa mawu awiri ofunika kwambiri, ukwati ndi abale anga, n'kulemba kuti ndanena zoona, ndinadziwa kuti mwandilandira."

Mwana wa mlongo wanga anali pakhomo la khitchini akundiyang'ana. Iyenso anali asanamuuze mnyamatayo tanthauzo lenileni la mizere yofiira ija. Ine amene ndinkayankhula maola asanu patsogolo pa kalasi osatopa, ndinangoti, "Khala pansi bwino, mwana wanga."

Ukwati unachitikira mu tchalitchi chathu chaka chomwecho, ndipo pano ali ndi ana awiri. Mkamwiniyo amanditchula professor. Akuti kwawo mphunzitsi aliyense, ngakhale wa Sitandade 1, amatchedwa choncho. Poyamba ndinkaganiza kuti akundinyogodola, koma sindinapite kukafunsa kwa mayi wa zitenje uja.

Kalata ija anaiika mu felemu, ili pakhoma m'chipinda chochezera kunyumba kwawo ku Lilongwe. Mlendo aliyense amaonetsedwa mizere yanga yofiira, n'kuuzidwa kuti apa ndi pamene malume anavomera. Ndikapita kukacheza ndimasankha mpando woti ndiifulatire.